Tinakawasungitsa Achimwene

Chaka chimene achimwene anamwalira, ku Kafue kunalibe Loweruka lopanda maliro. Ine ndinali mu giredi teni, ndipo chitenje changa chopitira kumaliro chinasuluka msanga kuposa siketi ya kusukulu. Tikaweruka Lachisanu tinkadziwiratu kuti mawa ndi kutsuka mbale kunyumba ya eni, kudula kabichi, kukwera lole, kumeza fumbi la kumanda, kubwerako, kusamba m'manja pakhomo. Kulira kwenikweni kunatithera. Amayi ena ankangotsegula pakamwa polowa m'nyumba ya siwa, kutulutsa timawu tolemekeza eni maliro, kenako n'kukhala pansi n'kuyamba kufunsana mtengo wa ufa.

Inali nthawi imene mafakitale ankachotsa anthu ntchito. Tinaphunzira mawu atsopano akuti ritirenchi, ndipo ngakhale ana osayamba sukulu ankawadziwa. Atate anachotsedwa kufakitale ya nsalu. Achimwene anachotsedwa kufakitale ya feteleza, ija fungo lake linkatiboola m'mphuno mphepo ikachokera kumeneko. Fungolo linachepa, ndipo anthu ankati bola lija linkatitsamwitsa, chifukwa linkabwera ndi malipiro. Amuna anadzaza pa boma ndi pa siteshoni ya sitima, kungokhala. Amayi anga anayamba kugulitsa salaula kumsika, zovala zakale zochokera kunja, zomwezo zimene atate ankati ndizo zapha fakitale yawo. Nshima yogulidwa ndi salaula ankaidya ali chete. Pamwamba pa zonsezi panali matenda aja amene sitinkawatchula dzina.

Atate anali mkulu wa mpingo. Mpingo wathu ndi uja wa mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, wopemphera m'Chichewa cha m'buku, chimene anzanga a ku komboni ya Nangongwe amachiseka kuti n'cholemera ngati njanji. Abusa anali amodzi, mipingo yoti aziyendera yambiri, ndiye poona kuti atate alibe ntchito, maliro ambiri anagwera iwo. Jekete lawo linali limodzi, lakuda, ndipo silinkapeza mpata wochapidwa. Mawu a pamanda, aja operekera womwalira m'manja mwa Mulungu, anawanena kambirimbiri mpaka buku ankangolitsegula mwa mwambo, maso ali kwina. Akabwerako ankakhala pa mpando pakhonde osavula nsapato, n'kugona pomwepo chikhalire.

Ine maliro ndinkawapirira mwa njira yanga. Amayi obwera kumaliro akamalowa m'nyumba ya siwa amasiya mapatapata pakhomo, mulu wonse. Ndinkawasakaniza, lofiira ndi lobiriwira, lalikulu ndi laling'ono, ena n'kuwaponya pa denga la chimbudzi. Amayi awiri akawodzera moyandikana ndinkamanga nsonga za zitenje zawo pamodzi. Ndinakwapulidwapo, osati kamodzi. Koma ndikuuzeni, m'nyumba imene anthu akhalamo masiku ali ndwii, amayi awiri onenepa akanyamuka n'kukokana, ngakhale namfedwa amaseka, ndipo palibe anandiuzapo kuti kuseka kumeneko kunamupweteka. Achimwene okha ndiwo ankandiikira kumbuyo. Ankati mutu wanga ndi wa injiniya, ukungosowa fakitale.

Ntchito itatha achimwene anayamba kachasu kuseri kwa siteshoni, kenako anakalowa m'nyumba ya mkazi wina popanda ukwati. Akulu a mpingo anawaitana, sanapite. Anawaitananso, sanapite. Ndiye anawadula. Kudulidwa ndiko kuti sulinso wa mpingo mpaka utabwerera, kukhala kalasi ya olapa, n'kulandiridwanso. Atate anali nawo pa msonkhano umenewo, ndipo dzanja analikweza pamodzi ndi anzawo. Achimwene atamva anaseka, nati awaritirencha kawiri, kufakitale ndi kumwamba, ndipo konseko sanawapatse kanthu kopita nako kunyumba.

Atayamba kudwala, mkazi uja anawabweza kwathu pa wilibala. Amayi anawayalira m'chipinda chochezera. Ndikachokera kusukulu ankandiitana kuti ndiwauze zimene ndachita lero, ndipo tsiku limene sindinachite kanthu ankati ndikuwononga fizi. Kuseka kunkawatsokomoletsa mpaka amayi kunditulutsa. Masiku amene ankapezako bwino ankanena kuti miyendo ikangolimba akayamba kalasi ija, atate apume. Miyendo sinalimbe.

Lamulo tonse tinkalidziwa. Munthu akamwalira ali wodulidwa, mpingo suimba, amayi a chigwirizano savala zoyera ndi zakuda zawo, mtembo sulowa m'tchalitchi, ndipo pamanda mawu aja sanenedwa. Mkulu wa mpingo angathe kupempherera otsala, basi. Atate lamuloli anali atalifotokozerapo mabanja ena, atakhala pa mipando yawo, chipewa chili pa bondo, ndipo ena mwa mabanjawo mpaka lero sawapatsa moni.

Apa ndifotokoze za mawu a amayi. Kwathu anthu akamapita kumanda amati tikukataya maliro, ndipo palibe amaonapo chachilendo. Amayi mawu amenewo amadana nawo. Amati timataya zinyalala, munthu timakasungitsa. Benchi lawo la salaula lili pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Lusaka, ndiye apaulendo amakonda kuwasiyira zikwama. Munthu akangoika chikwama pambali pa benchi n'kuchoka osanena kanthu, amayi sachiyang'ana n'komwe. Chibedwe, chinyowe, si zawo. Koma akati, mayi, ndakusungitsani, ndiye kuti chikwamacho achikhalira mpaka dzuwa kulowa, ngakhale kubwera nacho kunyumba. Kusungitsa n'kwa pakamwa, amatero. Kwa iwo mawu a pamanda aja ndi omwewo: kuuza Mulungu kuti uyu tikumusiya kwa Inu, tidzamupeza kwa Inu.

Tsiku lotsatira imfa ya achimwene, masana, ndinali kuseri kwa nyumba pa mpopi ndikutsuka miphika. Mipando yonse inali panja, amuna atakhala pansi pa tenti kutsogolo, akazi m'nyumba. Kunalibe nyimbo. Mnansi wathu, mayi wa Chibemba amene mwa mwambo wa chimbuya ali ndi ufulu wotinyoza ife a kum'mawa pa maliro, anali atayesa kale ntchito yake. Anathira atate ufa kumutu, nafunsa ngati awa ndi maliro kapena mayeso a giredi seveni, popeza aliyense ali zii. Palibe anaseka, ndipo atate ufawo sanausanse n'komwe. Anabwera nawo choncho kuseri kuja amayi atawaitanitsa.

"Inu akulu a mpingo," anatero amayi. Sankawatchula choncho kawirikawiri. "Mwana wanga mawa mukukam'taya kapena mukukam'sungitsa?"

Atate anati lamulo amayi akulidziwa, ndipo sanaliike ndi iwo. Anati Mulungu amadziwa anthu ake popanda kuuzidwa ndi mkulu wa mpingo wa ku Kafue. Amayi anati nawonso amadziwa mwini chikwama chilichonse pa siteshoni paja, koma kudziwa si kusungitsidwa.

"Ana a eni mwawapereka mpaka mawu anu asasa. Wanu yekha mukamusiya pambali pa msewu osanena kanthu?"

"Ndikamuchitira wanga, aja ndinawakaniza ndikawauza chiyani?"

 Anangoyang'anana ngati anthu awiri osenza mtengo umodzi, wina akatula ndiye kuti waphwanya mnzake. Kenako atate anabwerera ku tenti, amayi anatsala ataimirira pa matope a pa mpopi opanda nsapato. Anandiona, koma sanandithamangitse.

Mnzawo wina wa achimwene, wa mipingo yatsopano ija yopempherera m'makalasi a sukulu, anabwera kudzadzipereka. Anati kwawo kulibe lamulo lotero, adzapemphera pamanda mpaka kumwamba kutseguke. Amayi anamuthokoza bwinobwino, namupatsa tiyi, koma anakana. Anati iwo akufuna mawu omwe aja anaperekera atate awo ndi amayi awo, m'chinenero chimene mwanayo anabatizidwira, ndipo atuluke pakamwa pa munthu wa mpingo umene unam'dula. Ena anati amayi akuuma mutu. Mwina. Chichitikireni imfa anali asanaike kanthu m'kamwa kupatula madzi.

Tsiku loika, titatenga mtembo ku mochale tinalunjika kumanda osadzera kutchalitchi. Lole yopanda nyimbo ndi chinthu choipa. Ku Kafue lole ya maliro imamveka isanaoneke, ndipo anthu amaima m'mbali mwa msewu, amuna n'kuvula zipewa. Yathu inadutsa pamsika kukungomveka magiya ndi bokosi likugunda m'mbali pa mabampu. Anthu ankatiyang'ana n'kuyang'anana. Tauni yonse inadziwira pomwepo kuti wafayo wafa ali wodulidwa. Amayi anafunda chitenje kumutu ulendo wonse.

Kumanda kunali magulu angapo, monga mwa masiku onse. Manda atsopano anali kumapeto, ndipo pakati pake panali chulu chachikulu chomera zitsamba. Ife tinali mbali ino. Kuseri kwa chulu kunali maliro a dikoni wa mpingo wathu womwewo, bambo wolemekezeka amene nayenso ankagwira kufakitale ya feteleza. Kumeneko ndiko kunali mpingo wonse, zoyera ndi zakuda, nyimbo ikubwera ndi mphepo kudzatipeza ife. Amayi ochepa a chigwirizano amene anabwera kwathu chifukwa cha chinansi ndi amayi anavala zitenje wamba. Abusa athu anali atapita kwawo kukaika m'bale wawo, ndiye a dikoni anawaitanira abusa ena opuma ntchito ochokera ku Lusaka. Abusawo anachedwa. Mapemphero a m'tchalitchi anachititsa ndi akulu, koma pamanda banja linati lidikira. Nyimbo zinatha, anabwereza zoyamba, kenako nawonso anangokhala chete padzuwa.

Kwathu dzenje linapezeka lalifupi, popeza achimwene anali munthu wamtali, ndiye amuna analowamonso ndi mapiki. Bokosi linadikira pambali. Amayi anakhala pa dothi lofiira, osalira, akungoyang'ana nsapato za atate. Kunkangomveka piki, piki, ndi mwana wina akulirira bere. Ine sindinathe kupirira. Ndinanong'oneza mnansi wathu uja kuti ndikukatengera amayi madzi ku lole, n'kuchoka.

Ndili pa chipata, minibasi inaima pamsewu, kondakitala akufuula kuti ba busa, ni pamene apa, selukani. Munatsika bambo wokalamba wa kolala yoyera m'khosi, ambulera m'dzanja limodzi, kachikwama m'dzanja linalo, magalasi atachita fumbi. Ankayenda ngati mapazi ndi obwereka. Pa chipata panalibe wina aliyense. Amene anatumidwa kudzawalandira anali atatopa n'kukakhala pamthunzi kwinakwake.

Sindinakonzekere, ndipo sindinganame kuti ndinamva mawu ochokera kumwamba. Mutu wanga unangochita zimene umachita ukaona mapatapata pakhomo. Ndinagwada. Chibadwire sindinagwadepo mokongola chotero, mawondo onse pansi, manja pamodzi, maso pa fumbi, ndipo moni ndinawapatsa m'Chichewa cha m'buku chija.

"Mwanawe, maliro a mpingo wathu ali mbali iti? A bambo aja ankagwira ku feteleza."

"Ndi kuno, abusa. Amayi akukudikirani."

Awerengeni bwino mawu amenewo, mundionetse bodza. Achimwene anabatizidwa mu mpingo wathu. Ankagwira ku feteleza. Amayi ankadikira. Ndinawalandira kachikwama n'kutsogola, ndipo njira ndinasankha ya m'munsi, kuti chulu chikhale pakati pa ife ndi zoyera ndi zakuda zija. Panjira anandiuza kuti minibasi inakhalitsa pa siteshoni kudikira kudzaza, kenako tayala linaphulika pa chitunda, ndiponso kuti sabata yomweyo anali ataika kale anthu ena. Anati anapuma ntchito kuti azilima tomato, koma tomato wawo akuuma chifukwa womuthirira ali kumanda tsiku ndi tsiku.

Titafika, bokosi linali litangotsitsidwa kumene, amuna akukoka zingwe. Atate anaima kumutu kwa dzenje ndi jekete lawo lija, akukonza kukhosi kuti apempherere otsala. Abusa anawazindikira, popeza ankakumana m'misonkhano ya mpingo, ndipo zimenezo zinawatsimikizira kuti afika. Anawagwira dzanja, napepesa chifukwa chochedwa.

Ndinaona pakamwa pa atate pakutseguka. Anayang'ana abusa, nayang'ana ine ndi kachikwama m'manja, ndipo anamvetsa zonse nthawi yomweyo, chifukwa mwana wawo amamudziwa. Liwu limodzi likanakwana. Kenako anayang'ana amayi. Amayi anali atachotsa chitenje kumutu, maso ali pa kolala yoyera ija. Abusa, osadziwa kanthu, anatambasula ambulera n'kuwapatsa atate.

"Tandigwirirani, akulu, dzuwali landimaliza."

Atate anaigwira. Ena amati manja anangochita mwa chizolowezi, pakuti ntchito yogwirira abusa ambulera anaichita zaka zambiri. Ine ndinali pafupi. Ndinaona dzanja likulimba pa ambulera, ndipo pakamwa paja panatsekeka.

Abusa anayang'ana gulu lonse nafunsa ngati ku Kafue nyimbo nazonso anaziritirencha. Sanadikire yankho, anaiyamba ndi mawu awo osasa. Ndime yoyamba anaimba okhaokha. Amayi a chigwirizano aja anayang'anana, nayang'ana atate, atate akuyang'ana kutsogolo ngati chipilala. Ndiye mmodzi analowa, wina n'kulowa, ndipo nyimbo imene inakhala pakhosi masiku onse aja inatuluka yonse. Ngakhale mnansi wathu wa Chibemba, amene mawu ake sankawadziwa, anaimba nawo. Kulira kwanga, kumene ndinkayesa kuti kunatha, kunabwera pamenepo.

Sanalalikire nthawi yaitali. Dzina sanatchule. Ndinamva pambuyo pake kuti anasiya kutchula mayina pamanda chisokonezereni a anthu awiri tsiku lina, ndiye kwa iwo aliyense anali m'bale wathuyu. Anawerama movutikira, natapa dothi. Anati thupili likubwerera kumene linachokera, koma m'bale wathuyu tikumupereka m'manja mwa Mulungu amene anamulenga, amusunge kufikira tsiku la kuuka. Dothi linagwa pa bokosi. Amayi anati ameni, osati mokweza, koma ine ndinamva. Kenako anaimirira okha popanda wowagwira, natapa dothi lawo.

Pamene amuna ankagwira mafosholo ndi pamene mwana wa a dikoni anatulukira kuseri kwa chulu akuthamanga, tayi ili paphewa. Anali atamva nyimbo ya mpingo wake ikuchokera kumene sikuyenera kuchokera nyimbo. Anayankhula ndi abusa chapansipansi, akuloza uku ndi uko. Abusa anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ndi mpango. Anafunsa atate kuti tsono m'dzenjemu muli ndani. Atate anati ndi mwana wawo, wodulidwa. Anatero ambulera ikadali pamutu pa abusa.

Abusa anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza. Ndinagwadanso, koma ulendo uno sizinakongole, chifukwa mnansi wathu anali kumbuyo kwanga akusekera m'chitenje mpaka mapewa kugwedezeka. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangopuma mozama, natenga kachikwama m'manja mwanga ndi ambulera m'manja mwa atate, nauza mnyamata uja kuti atsogole, mawu sanathe, atsalako okwanira atate ake. Anapita akukoka mapazi. Patapita kanthawi tinamva nyimbo yomweyo ikuyambanso kuseri kwa chulu.

Titabwerako n'kusamba m'manja pakhomo, amayi anaitanitsa nshima, nadya.

Atate sanandiyankhule. Sabata yotsatira, masana, kunabwera akulu a mpingo awiri atavala majekete ngakhale kunkatentha. Anakhala pakhonde ndi atate, ine anandikhazika pansi. Ankafuna ndivomere kuti ndinanamiza mtumiki wa Mulungu. Ndinawabwerezera funso la abusa ndi yankho langa, mwaulemu wonse, n'kupempha kuti andithandize kupeza pamene pali bodza, popeza ine ndine mwana. Mmodzi anati mtsikanayu akadzakula adzakhala loya kapena wakuba. Mnzake sanaseke. Anati banja la a dikoni linapsa ndi dzuwa chifukwa cha ine, ndipo zimenezo sindikana. Koma anali atapsa kale, ndipo mawu awo anawalandira onse osapunguka.

Kenako anafika pa chimene anabwerera. Anati akulu agwirizana kuti Lamulungu alengeze m'tchalitchi kuti mawu amene ananenedwa pamanda a achimwene ananenedwa molakwitsa, choncho akhale ngati sananenedwe.  Amayi anali pakhomo akupinda malaya a salaula oti apite nawo kumsika, koyamba chichitikireni maliro. Sanasiye kupinda.

"Lengezani, akulu, tchalitchi n'chanu. Koma mwanayo tinam'sungitsa kale. Amene akufuna kukam'tenga apite kwa amene tinam'siyira."

Akulu aja anamwa madzi, natsanzika. Lamulungu analengezadi, koma zina: kuti atate apumitsidwa pa ukulu kwa miyezi ingapo chifukwa chodziwa koma osanena. Za mawu aja sanatchule. Kaya anaiwala, kaya palibe anafuna kuti zituluke pakamwa pake.

Ine chilango changa chinali kusesa m'tchalitchi Loweruka lililonse ndi kukwecha miphika ikuluikulu ya mpingo. Ndinkasesa ndikuimba. Atate chilango chawo anachigwirira pakhonde. Jekete lija linachapidwa n'kuuma bwinobwino pa chingwe, koyamba chichotsedwereni ntchito. Loweruka lina nditabwerako kosesa, lole inadutsa ikuimba, ndipo ndinawaona akudzuka mwachangu kufuna nsapato, kenako akukumbukira, n'kukhalanso pansi. Anagona mpaka dzuwa linawapeza kumapazi. Atadzuka anandipeza ndikusita yunifolomu, ndipo ndi pamene anandiyankhula koyamba.

"Unadutsa nawo njira ya m'munsi?"

Ndinati inde.

"Ili ndi minga njira imeneyo. Munthu wamkulu ngati uja."

Kenako anati ndiwapangire tiyi.

Miyezi inatha, anawabwezera ukulu, chifukwa maliro sanachepe ndipo odziwa mawu anali ochepa. Jekete linayambiranso kudya fumbi. Lamulo lija lilipobe, ndipo ndawaonapo atate akupitanso kukalifotokoza kunyumba ina, akuyenda ngati asenza thumba la feteleza. Zimenezo sindinazikonze ine, ndipo mutu wanga wa injiniyawu sunapezebe pozigwirira. Chimene chinasintha n'chakuti masiku ano pa chipata cha kumanda amaikapo madikoni awiri odikira abusa, ndipo ine amandikhazika pakati pa amayi awiri a chigwirizano, kutali ndi msewu. Amayiwo amawodzera, ndipo zitenje zawo zili ndi nsonga ngati za wina aliyense. Akandifunsa ngati ndinalapa, ndimati ndikadali kufunafuna bodza lija.

Amayi kumanda sapitapita. Anzawo a kumsika amene anaikanso ana amapita pafupipafupi, kukakhala, kukalira, kubwerako maso ali ofiira, ndipo ena anayamba kunena kuti mayi uyu mtima wake ndi wouma. Iwo amapita mvula ikatha kukazula udzu, n'kubwerera ku benchi lawo. Tsiku lina mnzawo wogulitsa tomato anawafunsa pamaso panga chifukwa chake. Amayi anali akukankhira chikwama cha wapaulendo wina pansi pa benchi. Anati munthu ukasungitsa katundu kwa wokhulupirika, sumabwerabwera kudzasuzumira, n'chipongwe chimenecho. Kenako anandiuza kuti ndichotse dzanja langa pa patapata la mayiyo.